Litsiro la Nyanja Limachokera Kumtunda

Mvula ikagwa yamphamvu mu Januwale kapena Febuluwale, pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja ya Malawi, ku Salima, pamaoneka madzi a mitundu iwiri. Chapatali pali madzi a nyanja, oyera bwino. Chapafupi pali madzi ofiira, olemera ndi matope, amene amalowa m'nyanjamo mtunda wautali asanasakanikirane ndi anzawo. Zimakhalanso choncho pamene pamathira Bua, Dwangwa, South Rukuru ndi Songwe. Ambiri tinazolowera, timangoti ndi mmene dzinja limakhalira. Koma kufiirako ndi minda ya ku Dedza, Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Mzimba ndi Chitipa, imene ikusamuka pang'onopang'ono kukakhala pansi pa nyanja.

Tikamva za kuipa kwa madzi a m'nyanja, maganizo amathamangira ku majumbo ndi mabotolo amene mafunde amalavula pagombe, poti ndiwo amaoneka. Nawonso ndi vuto ndithu, ndipo tiwafikira. Koma zimene zimapha nyanja kawirikawiri siziyandama, ndipo zambiri zimayambira m'midzi ndi m'matauni a anthu amene mwina nyanjayo sanaionepo n'komwe.

Chifukwa chake nyanja sidzitsuka

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita pafupifupi 580, potakata kwambiri pamafika makilomita 75, ndipo chakumpoto kuli malo akuya mamita 700. Munthu akaima pagombe n'kuona madzi ochuluka chotero, savutika kukhulupirira kuti palibe chingawadetse. Koma nyanja si mtsinje. Mtsinje ukadetsedwa lero, mawa madziwo apita, abwera ena. Nyanjayi imalandira madzi kuchokera ku mitsinje yambirimbiri ya m'mayiko atatu, Malawi, Tanzania ndi Mozambique, koma khomo lotulukira ndi limodzi lokha, mtsinje wa Shire ku Mangochi. Shireyonso amatenga gawo lochepa chabe. Madzi ambiri amene nyanja imataya pachaka, oposa magawo atatu mwa anayi, amauluka ndi dzuwa ndi mphepo. Nthunzi imanyamula madzi okha. Dothi, feteleza, mankhwala ndi zonyansa zonse zimatsala. Amene anaphikapo ndiwo akudziwa kuti msuzi ukamaphwa pamoto mchere suchoka nawo, umangonka nuwawa. Akatswiri anawerengera kuti Shire payekha angafune zaka pafupifupi 700 kuti atulutse madzi onse amene ali m'nyanjayi.

Palinso china. Madzi a nyanjayi sasakanikirana onse. Apamwamba ndi ofunda ndi opepuka, apansi ndi ozizirirapo ndi olemera, ndipo ukatsika kupitirira mamita 250 mulibe mpweya wa okosijeni, choncho nsomba sizikhalako. Mitundu mazanamazana ya nsomba imene timanyadira, yochuluka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, imakhala m'chigawo chapamwambachi, ndipo yambiri ili kufupi ndi gombe, komwe litsiro limayambira kufika. Zimene zamira sizitheratu ayi. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imakankhira madzi apamwamba kumpoto, ndipo kumwera madzi apansi amakwera atanyamula zimene anasunga. Mwachilengedwe kukwera kumeneku ndi dalitso, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene kuchigawo cha Mangochi kumachulukira nsomba. Koma kukutanthauzanso kuti zimene tamiza chaka chino zikhoza kudzabwerera pamwamba adzukulu athu ali akuluakulu.

Dothi

Mdani wamkulu wa nyanja ya Malawi pakadali pano ndi dothi. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi bungwe la FAO anapeza kuti mu 2014, tikatenga pakatikati pa dziko lonse, hekitala iliyonse inkataya matani 29 a dothi pachaka. Amenewa ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Si lonse limafika kunyanja, lina limatsakamira m'madambo ndi m'zigwa, koma limene limafikalo ndi lochuluka, ndipo ndi dothi lapamwamba, lachonde, limene mlimi amalidalira.

Kuti timvetse chimene matope amachita, tiyang'ane mmene nsomba zathu zimakhalira. Mbuna, tinsomba tamaangamaanga ta m'miyala ta ku Cape Maclear, Likoma ndi Nkhata Bay, timadya ndere zimene zimamera pamatanthwe a pansi pa madzi. Ndere zimenezi zimafuna kuwala kwa dzuwa. Madzi akada, kuwala sikufika patali. Matope akakhazikika pamatanthwe, chakudya chakwiririka. Mbuna siziyenda mtunda wautali, ndipo mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha kapena pamulu umodzi wa miyala m'nyanja yonseyi. Malo amenewo akakwiririka, mtunduwo ulibe kothawira. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti boma likhazikitse Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liike malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Malire a paki amaletsa msodzi kuponya khoka, koma saletsa madzi ofiira a Linthipe kulowa.

Chambo chachimuna chimakumba chisa pamchenga woyera kuti chikope chachikazi, chimene pambuyo pake chimasunga mazira m'kamwa. Mchenga ukasanduka thope, malo oswanirana amachepa. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya m'madzi othamanga. Matope akalowa m'mipata ya timiyalato, mazira amabanika. Mpasa, imene makolo athu ankaigwira yambiri m'mitsinje ya chigawo chapakati ndi cha kumpoto, lero ili pagulu la nsomba zimene zili pangozi yotheratu. Amodzi mwa malo amene ikuswanabe ndi mtsinje wa Bua pamene ukudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, chifukwa m'mbali mwake mukadali mitengo. Komabe Bua amafika m'nkhalangomo atadutsa kale m'minda ya ku Mchinji ndi Kasungu.

Akatswiri a nsomba ku nyanja ya Victoria anapezanso chinthu chimene munthu sangachiganizire msanga. Nsomba za m'banja la mbuna ndi chambo zimadziwana ndi maso: yaikazi imasankha yaimuna ya mtundu wake poona maonekedwe ake. M'malo amene madzi anada, zazikazi zinasiya kusiyanitsa, mitundu yoyandikana inayamba kuswanirana, ndipo chiwerengero cha mitundu chinatsika. Mtundu wa nsomba ukhoza kutha popanda ndi imodzi yomwe kuyandama itafa.

Chimene chikukokolola dothi chonchi tonse tikuchidziwa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu 4 miliyoni m'Malawi. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pamalo omwewo. Minda yakwera m'mapiri momwe kale munali nkhalango. Mitengo yapita ku makala, ku nkhuni zowotchera njerwa, ku zigafa ndi kuchiza fodya. Madimba afika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, bango ndi nsenjere zimene zinkagwira gombe zinadulidwa. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda chofunda simalowa pansi, imathamanga, n'kukumba zigwembe. Sindikuona chifukwa chodzudzulira mayi amene walima dimba m'mbali mwa mtsinje kuti ana ake adye m'miyezi ya njala, kapena mnyamata amene amakankha njinga ya makala usiku wonse kupita m'tauni. Makalawo amagula ndi anthu a m'tauni, ambiri a iwo olandira malipiro pamwezi, ndipo nkhani ya nyanja ikuwakhudza monga momwe ikukhudzira wowotchayo.

Litsiro lina limabwera ndi mphepo. Mu Seputembala ndi Okutobala, tchire likamapsa chifukwa chososa m'minda, kusaka mbewa kapena kufuna msipu watsopano, utsi ndi phulusa zimakwera m'mwamba n'kukagwera pamadzi. Nyanja yotakata chonchi imalandira gawo lalikulu ndithu la nayitirojeni ndi fosifolasi wake kuchokera mumlengalenga, kudzera m'fumbi, m'phulusa ndi m'mvula. Moto woyatsidwa ku Ntchisi kapena ku Niassa m'dziko la Mozambique umathira nyanja feteleza popanda mtsinje uliwonse kutengapo mbali.

Nyanja ikakhuta

Nayitirojeni ndi fosifolasi ndi zomwe zija mlimi amagula m'thumba la feteleza. M'munda ndi chakudya cha chimanga, m'nyanja ndi chakudya cha ndere. Zikachuluka, ndere zimaswana mofulumira mpaka madzi kusanduka obiriwira. Zikafa zimamira, ndipo mabakiteriya amene amaziwoletsa amatha okosijeni wa m'madzi. Nsomba zimathawa, zolephera kuthawa zimafa. Mwa ndere zimenezi muli zina, zimene kwenikweni ndi mabakiteriya, zotulutsa poizoni wowononga chiwindi cha nyama ndi anthu, ndipo kuwiritsa madzi sikuchotsa poizoniyo.

Alimi a kuno sathira feteleza wochuluka ngati anzawo a ku Ulaya kapena ku America. Wochepa yemweyo amam'peza movutikira. Koma fosifolasi amamatirira ku dothi, ndiye dothi likakokoloka amapita nalo limodzi. Mlimi waluza chonde, waluza ndalama za feteleza, ndipo zimene iye waluzazo zikukadwalitsa nyanja.

Kumene izi zimathera tikhoza kukuona kwa anzathu. Nyanja ya Victoria, ya Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndi yotakata kuposa yathu koma yosaya, pakuya kwambiri pali mamita pafupifupi 80. Kuyambira m'ma 1960 anthu atachuluka m'mbali mwake, nkhalango zitadulidwa ndipo mizinda itakula, ndere zinachuluka, madzi anada, ndipo pansi pake panayamba kusowa okosijeni. Kuwonjezera apo, nsomba yolusa ya Nile perch imene inaikidwamo m'ma 1950 inadya nsomba zing'onozing'ono, moti mitundu pafupifupi 200 inasowa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, namasupuni, chomera cha ku South America chimene chimakondwa m'madzi okhuta manyowa, chinatseka madoko a Kisumu ndi Port Bell mpaka mabwato kulephera kutuluka.

Pafupi ndi kwathu pali nyanja ya Chivero ku Zimbabwe, damu lomangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame. Mzinda wa Harare umamwa madzi a mmenemo, koma damulo lili kumunsi kwa mzindawo, choncho zonyansa za m'mapaipi a zimbudzi ndi za m'mafakitale zimatsikira komweko kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi, mbidzi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi okhala ndi poizoni wa ndere, ndipo boma linaletsa usodzi m'nyanjamo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Namasupuni ife tili naye kale. Ali mu Shire, ndipo pamodzi ndi matope ndi zinyalala zina amatseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde anachita kuika chotchingira kuti azim'kola asanatsike. Tizirombo tina todya namasupuni, tochokera kwawo komweko ku South America, tinathandiza kum'chepetsa ku Victoria ndiponso kuno, koma malinga ngati madzi akulandirabe manyowa, iye amaphukiranso.

Zimbudzi

Nkhani imeneyi anthu sakonda kuikamba, koma ndi imene imapha anthu mwachangu. Mzinda wa Lilongwe uli makilomita oposa 100 kuchokera kunyanja, komabe mtsinje wa Lingadzi umathira mumtsinje wa Lilongwe, Lilongwe mu Linthipe, Linthipe m'nyanja. Nyumba zolumikizidwa ku mapaipi a zonyansa mumzindawu ndi zochepa. Ambiri amadalira zimbudzi zokumba, zimene m'malo othithikana zimasefukira mvula ikagwa. Zinyalala za m'misika, matewera otaya, madzi ochokera kophera ng'ombe ndi m'magalaja, zonse zimapeza njira ya kumtsinje. Mzinda womwewu ndi umene ukuyembekezera kudzamwa madzi a m'nyanja kudzera m'paipi yochokera ku Salima.

Pagombe penipeni vuto ndi mchenga. Dzenje la chimbudzi lokumbidwa pamchenga limagumuka msanga, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Pamadoko a asodzi, nyengo ya usipa ikafika, pamasonkhana anthu ambirimbiri ongobwera: alovi, ogula nsomba, ophika, onyamula katundu. Chimbudzi chikakhalapo ndi chimodzi kapena ziwiri. Otsalawo amapita kutchire kapena m'madzi, pomwe ena akusamba, kuchapa, kutsuka mbale ndi kutunga akumwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga n'kupitirira mpaka 2023 unali waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino: anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri.

Nyanja ya Chilwa ikuonetsa zonsezi poyera chifukwa ilibe mtsinje wotulukira ngakhale umodzi, ndipo ndi yosaya, malo ambiri mamita awiri kapena kucheperapo. Chilichonse chimene mtsinje wa Likangala wanyamula podutsa mumzinda wa Zomba, chimene Domasi, Thondwe ndi Phalombe zatenga m'minda ndi m'masikimu a mpunga, chimafika n'kukhala. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 gawo lalikulu linasanduka thope long'aluka. Kuphwa ndi chikhalidwe chake chakale, kumatsata zaka za chilala, koma matope akamaunjikana pansi, nyanja imanka nichepa kuya, ndipo kuphwa sikuvuta. Asodzi a matemba, makumba ndi milamba amakhala miyezi m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pakati pa madzi. Madzi akumwa amatunga pomwepo, kudzithandiza ndi pomwepo. N'chifukwa chake kolera amabwererabwerera ku Chilwa, ndipo mu 2016 a zaumoyo anachita kutengera katemera wa kolera kwa asodzi m'zimboweramo. Nyanja imeneyi ndi malo oyamba m'Malawi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, mu 1997, chifukwa cha mbalame zake za m'madzi.

Likodzo nalo ndi nthenda ya madzi odetsedwa ndi anthu. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a tizilombo toyambitsa nthendayi amaswa n'kulowa m'nkhono, ndipo kuchokera m'nkhonomo timatuluka n'kuboola khungu la wina amene akusamba. Kale matendawa ankadziwika m'madambo ndi m'timitsinje, osati pamchenga woyera wa nyanja. Kuyambira m'ma 1980 anachuluka pagombe la Chembe ku Cape Maclear, ndipo ofufuza anaona kuti nsomba zodya nkhono zinali zitachepa chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokera kugombe. Nkhono zinaswana popanda wozidya. Pamenepa kusodza mowononga ndi kusowa kwa zimbudzi zinagwirizana kudwalitsa ana.

Za mapulasitiki tinene mwachidule. Jumbo siliwola, limangoduka tizidutswa mpaka tosaoneka ndi maso, timene nsomba zimameza. Maukonde a nayiloni otayika amapitiriza kukola nsomba pansi pa madzi mwini wake ataiwala kale. Boma linaletsa majumbo opyapyala, osakwana ma micron 60, mu 2015. Opanga majumbowo anakatenga chiletso kukhoti, ndipo Khoti la Supreme linagamula mokomera lamuloli mu 2019, ngakhale milandu inapitirirabe pambuyo pake. Lamulo lotere limagwira ntchito likaima pakhomo la fakitale ndi pachipata cha dziko, osati pothamangitsa mayi wogulitsa tomato pamsika.

Chinthu china sichinachitike, koma chiyenera kutchulidwa. Kuyambira mu 2011 boma linapereka ziphaso zofufuzira mafuta pansi pa nyanjayi, zimene zinadzutsanso mkangano wa malire ndi Tanzania. Pa nyanja ya mchere mafuta akatayika, mafunde ndi kuyenda kwa madzi zimawamwaza pamtunda waukulu. M'nyanja yotsekeka ngati yathuyi alibe kopita. Ine ndikuona kuti palibe ndalama imene ingalipire ngozi yotero.

Zimene zingatheke

Nyanja yodwala ikhoza kuchira. Ya Washington, pafupi ndi mzinda wa Seattle ku America, inali itabiriwira ndi ndere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 chifukwa cha madzi ochokera m'malo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi. Wasayansi W. T. Edmondson anaonetsa kuti gwero lake ndi fosifolasi, anthu anavomera kulipira, ndipo pakati pa 1963 ndi 1968 mapaipi onse anapatutsidwa. Pasanathe zaka khumi madzi anayeranso. Koma nyanja imeneyo imasintha madzi ake onse m'zaka ziwiri kapena zitatu. Yathu ilibe mwayi umenewo. Ikadzafika pamene yafika Victoria, palibe m'badwo umene uli moyo lero udzaione itachira. Ntchito yonse, choncho, ndi yotchinga litsiro lisanalowe.

Ndipo njira zake si zachilendo. Alangizi a zaulimi akhala akuziphunzitsa kwa zaka zambiri. Mizere yotsata akalozera, yopingasa phiri m'malo motsika nalo. Ngonyeka zogwira madzi pakati pa mizere. Udzu wa vetiva wobzalidwa m'milambala, umene mizu yake imalowa pansi kwambiri ndipo umasefa dothi madzi n'kudutsa. Kusiya mapesi m'munda kuti aphimbe nthaka m'malo mowatentha. Mitengo ya nsangu, imene imayoyola masamba m'dzinja moti siphimba chimanga, ndi gliricidia, imene masamba ake ndi manyowa. M'mapiri ometedwa, njira yotsika mtengo kuposa kubzala mbande ndiyo kusamala zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukire, kuziteteza ku moto ndi mbuzi, chifukwa mizu yake ilipo kale. Mbande zambiri zimene timabzala ndi mwambo waukulu m'nyengo yobzala mitengo sizifika chaka chachiwiri, pamene chitsa cha msuku kapena mombo chimangofuna kusiyidwa.

Madambo ndi mabango ndi sefa imene chilengedwe chinaika pakati pa munda ndi nyanja. Madzi akalowa m'bango, m'gumbwa kapena m'njedza amachepa liwiro, matope amakhazikika, ndipo mizu imayamwa nayitirojeni ndi fosifolasi. Momwemonso ndi mobisalamo ana a nsomba. Aliyense womanga malo ogona alendo amene amazula bango kuti apeze mchenga woyera, ndi aliyense wolima mpaka m'madzi, akuchotsa sefayo. Kusiya kamtunda kosalimidwa m'mbali mwa mtsinje, n'kubzalamo nsungwi, nsenjere kapena mikuyu, kumathandizanso mwini dimba, poti gombe lake silidyeka ndi madzi.

Pamchenga chimbudzi chimatheka ngati dzenje lamangidwa ndi njerwa kuyambira pansi, kapena ngati chamangidwa pamwamba pa nthaka monga zimbudzi za manyowa zimene amathiramo phulusa. Zimenezi zimafuna ndalama zoposa zimene banja limodzi la msodzi lingapeze, koma padoko pamadutsa ndalama zambiri tsiku lililonse, ndipo makhonsolo amatolerapo misonkho. Gawo la msonkhowo liyenera kubwerera padokopo ngati chimbudzi, mjigo ndi dzala. M'mizinda, malo oyeretsera zonyansa amafunika kukula pamodzi ndi mzinda, ndipo magalimoto opopa zimbudzi ayenera kukhala ndi kokhuthulira kodziwika.

Malamulo alipo. La zamadzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, la zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa Malawi Environment Protection Authority, ndipo la zankhalango linakhwimitsidwa mu 2020 pa nkhani ya makala. Chimene chimapatsa lamulo mphamvu ndi anthu kulitenga ngati lawo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi chaka ndi chaka m'miyezi ya dzinja kuyambira m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera chifukwa akatsegula amapezadi nsomba. Makomiti a m'magombe, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha, anapangidwa ndi maganizo omwewo. Mphamvu yotereyi ikhoza kuyang'aniranso ukhondo wa padoko ndi mabango a m'mbali mwa madzi, osati maukonde okha.

Komanso Malawi payekha sangathe. Mtsinje umene umathira madzi ambiri m'nyanjayi ndi Ruhuhu wa ku Tanzania, ndipo Songwe ndi wa mayiko awiri. Mayiko a nyanja ya Victoria anakhazikitsa Lake Victoria Basin Commission, imene likulu lake lili ku Kisumu, vuto litakula kale. Ife tikadali ndi mpata wogwirizana pa kayezedwe ka madzi ndi pa zoletsedwa kutayiramo nyanja isanabiriwire, ngakhale nkhani ya malire isanathe.

Mfundo yovuta kwambiri ndi ya nthawi. Vetiva amafuna nyengo ziwiri kapena zitatu kuti atseke bwino mzere. Gliricidia amatenga zaka zingapo asanayambe kubweza chonde, nsangu imachedwa kuposa pamenepo. Kamtunda kosiyidwa m'mbali mwa mtsinje ndi mabedi a mpiru ndi tomato amene banja silikolola chaka chino. Wosenza mtolowu ndi mlimi wa ku Dedza kapena ku Mzimba, amene mwina chambo amachilawa kamodzi pachaka, pamene opindula msanga ndi asodzi, eni mahotela, mabungwe ogulitsa madzi ndi kampani yopanga magetsi, imene imawononga ndalama zambiri kukumba matope m'madamu a pa Shire. Ntchito ya Malawi Watershed Services Improvement Project, imene inayamba mu 2020 ndi thandizo la World Bank, yayesa kupereka ndalama ndi zipangizo kwa midzi imene ikusamala nthaka m'chigwa cha Shire. Ndalama zotere siziyenera kudikira wopereka wakunja. Kagawo kochepa ka bilu ya madzi ndi ya magetsi, kotumizidwa chaka ndi chaka ku midzi ya kumtunda kwa Linthipe, Bua, Dwangwa ndi South Rukuru, kangathandize mabanja kudutsa zaka zoyambazo, zimene ambiri amagwera mphwayi n'kuzula vetiva kuti abzalepo chimanga.